Kalata yokana mgodi wa malasha yafika draft itatha kale

WaESIA_Mzuzu: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Ndili ndi ESIA (lipoti lounika momwe ntchito ikhudzire chilengedwe ndi anthu) ya mgodi wa malasha wa open cast (wokumba pamtunda) ku Karonga, Lolemba tikupereka ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe. Dzulo a EDO (mkulu woona za chilengedwe pa boma) anditumizira kalata ya midzi iwiri, zidindo za zala zokhazokha, akuukana mgodiwo. Akuti tinangocheza ndi a GVH (a gulupu), iwo sitinawafunse. Akudandaula za fumbi, manda ndi dambo lomwe amalimamo mpunga. Kasitomala, kampani ya mgodiyo, akuti kalatayo isalowe mu annex (zikalata zophatikiza kumapeto kwa lipoti), itichedwetsa. Minutes za misonkhano yomwe tinachita ndili nazo koma osaina ambiri ndi a VDC (komiti ya chitukuko cha m'mudzi). Nditani?

MayiWaSocial: Musayerekeze kuibisa achimwene. Ngati a EDO aiona, ndiye kuti DESC (komiti ya za chilengedwe pa boma) ikuidziwa. Dzina lomwe lidzade ndi lanu, osati la kasitomala. Ilowe mu annex, dandaulo lililonse liyankhidwe mu ESMP (ndondomeko yochepetsera mavuto omwe mgodi ungabweretse), mubwererekonso. Amayi muwakhazike paokha, pamaso pa mfumu sayankhula.

Hydro_KA: Madzi munayeza? pH, iron ndi sulphate pa mijigo ndi mumtsinje?

WaESIA_Mzuzu: Kamodzi, mu September.

Hydro_KA: Ndiye baseline, umboni wa momwe madzi alili mgodi usanayambe, mulibe. Pafunika dzinja ndi chilimwe.

MkuluWakale: Anthu a ku Karonga musawaone ngati ovuta. Anaona maenje omwe anasiyidwa ku Mwabulambo mgodi utatsekedwa mu 2015, Human Rights Watch inalemba nkhaniyi mu 2016. Ku Moatize ku Mozambique nako, mabanja omwe anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha anatseka njanji mu January 2012. Ine kwina tinapita ndi galimoto ya kampani, anyamata anatigwetsera mtengo pamsewu, tinagona kwa mphunzitsi. Musakwere galimoto ya kasitomala, komanso musalonjeze chipukuta misozi, si ntchito yanu.

Hydro_KA: Zonsezo nzoona, koma mpunga ukadzapsa ndi madzi a asidi mudzaonetsa chiyani? Bwererani mu February.

MayiWaSocial: Achimwene a Hydro, funso ndi la kalata.

Hydro_KA: Kalatayo ikunena za dambo. Dambo ndi madzi mayi.

MkuluWakale: Za manda samalani kwambiri. A GVH sangavomere m'malo mwa eni mbumba.

Surveyor_LL: Pepani kulowerera, alawansi ya a ADC (komiti ya chitukuko cha m'dera) pa consultation mukupereka zingati masiku ano? Sabata yatha anatinyanyalira nkhani ya thiransipoti.