Timiyala takana kusungunuka, asidi ali pafupi kutha

Mphunzitsi wa ku Chibavi, Mzuzu: Akuluakulu, ndithandizeni. Lero ndi ana a Fomu 3 timapanga mpweya wa carbon dioxide (CO₂) mu labu. Gulu lililonse ndinalipatsa magalamu 10 a timiyala ta marble (calcium carbonate, CaCO₃) ndi 50 cm³ ya hydrochloric acid (HCl) wa 2M, ndiye kuti ma mole awiri pa dm³ (lita) iliyonse. Ndimayembekeza kuti mpweyawo ukatuluka sikelo itsika ndi magalamu 4.4, koma yangotsika ndi 2 ndi kanthu, thovu n'kuleka, timiyala tili phee pansi pa flask. Asidi wanditsalira 400 cm³ basi, ndipo mawa ndili ndi kalasi ina ya magulu 8. Kodi asidiyu wasukuluka?

Madamu a ku Katoto: Achimwene, musanamunamizire asidiyo, tatiwonetsani mmene munawerengera.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: CaCO₃ mole imodzi (muyezo wa kuchuluka kwa zinthu mu Chemistry) ndi magalamu 100, ndiye magalamu 10 ndi 0.1 mole. Asidi, 2 kuchulukitsa ndi 0.05 dm³ (50 cm³ ija), nayenso 0.1. Zikufanana.

Madamu a ku Katoto: Kufananako ndiye vuto lake. Lembani yonse: CaCO₃ + 2HCl → CaCl₂ + H₂O + CO₂. Ka 2 kali kutsogolo kwa HCl mwakasiya kuti? Mole imodzi ya mwala imadya ma mole awiri a asidi. Asidi wanu wa 0.1 angathe kusungunula 0.05 yokha ya mwala, omwe ndi magalamu 5. Mpweya wotuluka ndi 0.05 mole, mukachulukitsa ndi 44 (magalamu a mole imodzi ya CO₂) mupeza magalamu 2.2. Sikelo yanu sinaname, asidi wanunso ali bwinobwino. Anangotha msanga, magalamu 5 a mwala n'kutsala.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Aaa, manyazi bwanji. Ka 2 komweko ndimakalipira nako ana chaka chilichonse.

Wa mu labu, Luwinga: Bwana, bwanji muwonjezere ndi asidi wa m'batire? Uyo sasowa m'tauni muno.

Madamu a ku Katoto: Ayi ndithu. Wa m'batire ndi sulphuric, amapanga calcium sulphate amene sasungunuka bwino m'madzi. Amamata timiyala tonse, thovu limangoyamba n'kuzima. Mungasokoneze anawo kuposa lero.

Agogo a Chemistry, Zolozolo: Mwana wanga, asidi amene uli nayeyo akukwana, chepetsa mwala. 400 kugawa kwa magulu 8 ndi 50 cm³ pa gulu, monga lero. Ukawapatsa magalamu 5 masamu akwana ndendende, koma ine sindingatero, chifukwa chakumapeto asidi amakhala atafooka ndipo belu lidzalira timiyala tisanathe. Apatse magalamu 4. Imeneyo ndi 0.04 mole, ikufuna 0.08 ya asidi, ndiye kuti 40 cm³, ndipo 10 cm³ yotsalayo ikankhira mwala wonse mpaka kutha. Sikelo itsike ndi magalamu 1.76. Ikaperewera pang'ono usadabwe, mpweya wina umasungunuka m'madzimo. Timiyalato utiphwanye tikhale ting'onoting'ono, kuzizira kwa kuno m'mawa kumachedwetsa zinthu. Pakamwa pa flask utseke ndi thonje kuti madontho asathawe.

Wa mu labu, Luwinga: Nanga akafuna kuyeza kuchuluka kwa mpweyawo m'malo mwa kulemera? 0.04 kuchulukitsa ndi 24 dm³, malo amene mole imodzi ya mpweya imatenga, ndi 960 cm³ eti?

Agogo a Chemistry, Zolozolo: Papepala inde, ndipo pa mayeso a MANEB ana alembe ndi nambala imene apatsidwa. Koma Mzuzu ali pamtunda, mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno supanikizika kwambiri, mole imodzi imatenga malo pafupifupi 28 dm³. Zaka zanga zoyamba ndinkaganiza kuti ana akuwerenga syringe yoyezera mpweya molakwika.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Yewo chomene nonse. Nanga kalasi ya leroyi ndikaiwuze chiyani?

Madamu a ku Katoto: Musawawuze yankho. Timiyala totsalato mutitsuke, mutiyanike, Lachisanu akatiyeze okha pa sikelo. Akapeza pafupifupi magalamu 5, muwafunse chifukwa chake.

Mphunzitsi wa ku Chibavi: Mwayi wake sindinatitaye, tili m'beseni kuseri kwa labu. Ndikupita kukatitola mvula isanayambe.