Ndithandizeni za ofesi ya ntchito pa yunivesite

Moni nonse a pagulu lino. Ndine wa ku Mangochi kuno, ndamaliza chaka chachitatu pa yunivesite koma internship sindinaipeze mpaka pano ndipo mtima ukundiwawa chifukwa chaka chamawa ndikumaliza. Ndinapita ku ofesi yothandiza ophunzira kupeza ntchito pasukulu pathu, anangondikonzera CV basi, za malo akuti ndalama zoyendera makampani palibe. Ndayesa kusiya makalata m'malo ogona alendo ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, ndatumizanso ma imelo, zii, palibe wayankha.

Funso langa, kodi ofesi imeneyi imayendetsedwa ndi fizi yomwe timalipira ija kapena pali thumba lina? Nanga inu munathandizidwa bwanji kwanuko? Ndimaphunzira zokopa alendo, chonde ndiuzeni poyambira.