Makasitomala akuti burger yathu ikuwawa mchere, koma ophika ndi malume anga. Nditani?

Membala wosatchula dzina:

Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu a bizinesi ya zakudya, ndithandizeni nzeru. A admin, chonde dzina langa lisaoneke chifukwa kuno timadziwana tonse.

Ndili ndi kalesitilanti pafupi ndi Chitakale kuno ku Mulanje. Kwenikweni timagulitsa nsima, mpunga, tchipisi ndi nkhuku ya lokolo, koma tinawonjezera burger chifukwa cha alendo otsika kuphiri. Munthu akatsikira ku Likhubula atagona m'nyumba za alendo za pamwamba pa phiri, ku Chambe kapena ku Lichenya, akudya zam'zitini, chimene amafuna ndi nyama. Timaikamo kagawo ka chinanazi cha konkuno chowotcha pang'ono, nyengo yake ikakwana timaikamonso peyala. Zinayamba bwino moti ngakhale a m'maofesi a pa boma ndi a m'maesiteti a tiyi anayamba kuitanitsa masana.

Tsopano madandaulo achuluka. Ena akuti mchere wawawa, ena akuti tsabola ndi adyo zikuphimba nyama. Mayi wina wachikulire analuma kamodzi kokha, n'kutsegula banzi, n'kuyamba kupala nyamayo ndi mpeni ngati mcherewo uchoka. Atalephera anandiitana chapansipansi, amvekere, "Mwana wanga, ine ndimamwa mankhwala a BP, ichi sindingathe." Ndinawapatsa mpunga wa nkhuku osawalipiritsa, koma sanabwerenso. Ena sanena kanthu, amangodya tchipisi, kulipira, kumapita, nyama yatsala m'mbale. Amenewa ndiwo akundisowetsa tulo. Komanso pali anyamata a kabaza ndi ena a konkuno amene amati burger yathu ndiye yokolera, tisasinthe.

Povuta ndi apa: ophika ndi malume anga enieni, achimwene awo a mayi anga, ndiponso ndiwo nkhoswe ya banja langa. Anaphika zaka zambiri m'nyumba za mabwana a ku esiteti ndipo dzanja lawo pa nkhuku ndi supu palibe angalitsutse. Sayeza, amangotapa ndi zala. Mu nyama yogayayo amathiramo mchere, zokometsera zam'paketi, kabuloko ka supu kophwanya, adyo ndi kambuzi, n'kukanya bwinobwino madzulo, kuika mufiriji kuti aphike mawa. Nditawauza zimene anthu akunena anangoti, "Mwana iwe, ine ndinayamba kuphikira azungu usanabadwe."

Ndiye kasitomala akabweza mbale ndizitani, kubweza ndalama, kumuphikira ina, kapena kungopepesa? Nanga malumewa ndiwalowere bwanji osaoneka wamwano? Sindikufuna kuwachotsa ntchito, ndiwo anandithandiza kuyamba bizinesiyi.

Wophika wa mu hotela, Limbe:

Achemwali, pa zimene mwafotokozazi malumewo akuthira mchere katatu asakudziwa. Tengani paketi ya zokometserazo muwerenge kuseri. Zambiri mwa izo chinthu choyamba kulembedwa ndi mchere, ndipo choyamba kulembedwa ndicho chochuluka. Kabuloko ka supu nakonso n'chimodzimodzi. Pamwamba pake banzi lili ndi mchere wake, tchizi ali ndi wake, sosi wa tomato ali ndi wake, tchipisi mwawazanso. Ukalawa nyama yokha umaona ngati zili bwino, koma mkamwa mwa kasitomala zonsezi zimakakumana.

Gulani kasikelo kakang'ono ka kukhitchini. Pa kilogalamu imodzi ya nyama, mchere wonse pamodzi usapitirire magalamu 10, ine ndimayambira pa 8. Sipuni ya tiyi yosasefukira ya mchere wosalala imakhala pafupifupi magalamu 6, koma mchere wamiyala sulemera chimodzimodzi mu sipuni yomweyo, n'chifukwa chake zala zimanamiza mukasintha mtundu wa mchere.

Chinanso, musakanyire mchere mu nyama n'kuigoneka. Mchere umasungunula zomatira za mu nyama, ndiye ikapsa imalimba ndi kutanuka ngati soseji m'malo mofewa. Umbani nyama yopanda kanthu, muwaze mchere ndi tsabola wakuda kunja kokha nthawi imene ikupita pachiwaya. Kambuzi, Nali ndi mchere wina ziikeni patebulo, anyamata a kabazawo azithira okha. Ngati pali nyama imene yakanyidwa kale, musataye, sakanizani ndi ina yopanda mchere kapena ipite mu samusa pamodzi ndi anyezi wambiri. Ndipo m'mawa uliwonse kazingani kachidutswa kakang'ono, mulawe pamodzi ndi banzi ndi sosi musanatsegule.

Mayi wogulitsa zakudya, Luchenza:

Zobweza ndalamazo musamale nazo mayi. Ine ndimayang'ana mbale. Waluma kamodzi kapena kawiri n'kudandaula, ameneyo akunena zoona, msinthireni msanga. Koma wina amaliza zonse mpaka kunyambita zala kenako n'kumati mchere unawawa, ameneyo ndimamupepesa ndi pakamwa pokha, alipire. Mukangotchuka kuti mumabweza ndalama, pa Chitakale ponse adzadziwa tsiku lomwelo.

Mwini lesitilanti, Zomba:

Amayi a ku Luchenza, pa womaliza mbaleyo ndikusiyana nanu pang'ono. Anthu ambiri kuno kwathu sabweza chakudya, amachita manyazi. Amadya mokakamiza chifukwa alipira, ndiye akamatuluka n'kunena. Alipire inde, koma mawu akewo musawataye, ndipo kabotolo ka madzi kapena kudula pang'ono pa mtengo sikungagwetse bizinesi.

Kwa inu ofunsa, phunzitsani atsikana operekera chakudya kuti akaika mbale abwererenso munthu atangoluma kawiri, afunse kuti mchere uli bwanji. Asadikire kuti amalize. Wina akadandaula, asayankhe kuti "ena amaikonda choncho", mawu amenewo amapsetsa mtima kuposa mchere weniweniwo. Asanenenso kuti alakwitsa ndi ophika. Angoti pepani, achotse mbale, afunse ngati akufuna ina yopanda zokometsera kapena chakudya china, amuuzenso kuti zitenga mphindi zingati. Ndalama muzibweza ngati munthu alibe nthawi yodikira. Ikani kabuku pa kauntala muzilembamo tsiku, chakudya ndi dandaulo lake.

Namwino, Thyolo:

Nkhani ya mayi a BP aja yandikhudza chifukwa anthu otere timawaona tsiku lililonse kuchipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, kuwerengera zakudya zonse. Tengani muyeso wa achefu a ku Limbewo: nyama ya magalamu 150 ikhala ndi galamu imodzi ndi theka. Dzanja likangowirikiza kawiri ndiye magalamu 3 pa nyama yokha, tchipisi ndi banzi tisanawerenge. Ambiri odwala BP ndi impso sadzakuuzani, adzangosiya kubwera. Lembani pa menyu kuti wofuna mchere wochepa anene.

Membala wosatchula dzina:

Zikomo nonse. Achefu, ndapita kukaona paketi ija, mchere ndiwo uli koyambirira ndithu. Koma funso la malume lidakalipo. Sikelo ndingagule mawa lomwe, koma ndikaika pamaso pawo adzaona ngati ndikuwanyoza kuti sadziwa kuphika.

Bambo wopuma pa ntchito, Bvumbwe:

Mwana wanga, malume sadzudzulidwa pamaso pa antchito, ndipo usawatengere dandaulo mbale ili m'manja, khitchini ikutentha. Pita kwawo Lamulungu masana ndi kashuga, mukhale pansi. Usakayambe ndi zakuti alakwitsa. Ukawauze kuti bizinesi ikutaya anthu ndipo wabwera kudzapempha nzeru kwa iwo monga kholo. Uwakumbutse kuti akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, odandaulawa akutionetsa pamene ife tazolowera.

Kenako uwapemphe kuti iwo eni akonze nyama ziwiri, ina mwa kale, ina yowaza mchere kunja kokha, anthu angapo alawe osadziwa kuti iyi ndi iti. Muyeso umene upambane aulembe ndi iwowo papepala, ukhale wawo, aziphunzitsa anyamata. Sikeloyo unene kuti ndi ya anyamata pa masiku amene iwo kulibe, ndipo sukhala ukunama. Dziwanso kuti munthu akamakula lilime limachepa mphamvu, ndiye chimene iwo akumva kuti changokolera, kwa ena chawawa. Osuta fodya ndi okonda tsabola nawonso zimawachitikira. Zimenezi usawauze mwachindunji, ungozisunga mumtima kuti usawakwiyire.

Woperekeza alendo kuphiri, Likhubula:

Ine ndi mmodzi wa amene timabweretsa alendo m'malesitilanti a pa Chitakale. Mlendo wochokera ku Sapitwa, nsonga yayitali kwambiri ya phiri la Mulanje, mamita 3,002, amakhala watuluka thukuta kwambiri, mchere amaufuna ndithu. Akanena kuti wachuluka ndiye kuti wachulukadi. Koma chimene amadandaula kwambiri kwa ife ndi tsabola wobisika mkati amene sanauzidwe. Kambuzi si wamasewera kwa munthu wosazolowera. Ndipo ambiri sakuuzani inuyo, amakalemba pa Google kapena pa Facebook ali ku Blantyre, anzawo n'kuwerenga asanabwere. Konzani msanga July asanafike, nthawi ya Porters Race, mpikisano wothamanga paphiri la Mulanje, kumabwera anthu ambiri.

Membala wosatchula dzina:

Achimwene mwanena zoona, wina analemba kale pa tsamba lathu la Facebook kuti nyama inali mchere wokhawokha. Sindinayankhe mpaka lero. Ndifute kapena ndiyankhe?

Mwini lesitilanti, Zomba:

Musafute, akajambula n'kukaika kwina zidzaipa kwambiri. Yankhani pa tsamba lomwelo, mwachidule: zikomo potiuza, pepani, tsopano mchere tikuyeza pa sikelo ndipo tsabola ali patebulo, mukadzadutsanso ku Mulanje mudzalawe ina mwaulere. Koma mulembe zimenezi mutakambirana kale ndi malume ndipo zasinthadi kukhitchini, chifukwa munthuyo akhoza kutuma mnzake mawa lomwe kuti adzaone.

Wophika wa mu hotela, Limbe:

Ndinaiwala chimodzi achemwali. Mukasiya kukanya ndi mchere nyama idzakhala yofewa, ndiye anyamata asamaipsinye ndi chipande pachiwaya, madzi ake amathawa. Muwauze a butchala asachotse mafuta onse pogaya, pa kilogalamu pakhale mafuta okwana magalamu 200. Ndipo ipse mpaka mkati, nyama yogaya siperekedwa yofiira pakati, makamaka masiku amene magetsi anazima firiji n'kutentha.