Za tonde wa chende limodzi uja

Bambo a ku Mitundu amene anafunsa za tonde wa chende limodzi alembanso kuti atapapasa, apeza kachotupa m'mphechepeche. Limenelo likhoza kukhala chende lachiwiri, lomwe silinatsikire m'thumba. Madokotala a ziweto amati nyama yotere ndi cryptorchid, ndipo pa akavalo ndi nkhumba mumvanso akuti rig. Si mfule ayi, chifukwa palibe anaithena.

Mbuzi ndi ng'ombe zimabadwa machende atatsika kale. Galu ndiye amachedwa, koma ikakwana miyezi 6 musayembekezerenso. Papasani masana kukutentha, poti m'mawa wa June machende amakwinyikira m'mwamba n'kukupusitsani.

Chende lotsalira m'thupi limatentha kwambiri, choncho silipanga mbewu yabwino, komabe mphamvu yachimuna limatulutsa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, bambo. Burdizzo (chopanira chothenera) kapena mphira yothenera zimangogwira lomwe lili m'thumba. Mukathena limenelo, tonde azikwerabe anzake, azinunkhabe, ndipo lotsalalo kulipeza kumavuta. Nthawi zinanso vutoli timalipanga tokha: mphira ikamangidwa chende limodzi litathawira m'mwamba. Werengani machende awiri m'thumba musanachotse chala.

Tondeyu akhoza kubereketsa ndi chende linalo, koma musamusunge ngati wambewu, vutoli limayenda m'magazi. Munenepetseni mugulitse wanyama. Kwa galu nkhani ndi ina: chende lotsalira limakonda kugwidwa khansa kapena kupotokola, ndiye dokotala achotse onse awiri pa opaleshoni.