Kodi mluzu ungathandize pa bend ya harmonica?

Wophunzira:
Akuluakulu, ena amati amene amaimba mluzu bwino savutika ndi bend, kutanthauza kutsitsa liwu la bowo la harmonica posintha kakhalidwe ka mkamwa. Zimagwirizana pati? Harmonica yanga ndi ya mabowo 10, kiyi ya C. Vuto lili pa bowo la 3 pokoka mpweya: mawu akungotsetsereka kuchoka pa B mpaka A flat, osaima pakati.

Mkulu wa blues:
Zimagwirizana pa lilime, achimwene. Poimba mluzu, chokweza kapena kutsitsa mawu si milomo ayi, koma kukula kwa danga lotsala pakati pa lilime ndi milomo. Lilime likabwerera m'mbuyo danga limakula, mawu n'kutsika. Bend imayendanso choncho.

Ikani kaye harmonica pambali. Imbani mluzu mokoka mpweya, osati motulutsa, muzitsitsa mawu pang'onopang'ono uku mukumva pamene msana wa lilime ukufika. Kenako chitani zomwezo pa bowo la 4, pomwe D amatsikira pa D flat basi. Likatheka limenelo pitani pa 6, kenako pa 2. La 3 likhale lomaliza chifukwa lili ndi malo atatu oimapo: B flat, A ndi A flat. Tsegulani tuner (pulogalamu yoonetsa liwu lomwe mukuimba) pa foni, mugwire liwu lililonse masekondi anayi musanatsike. Kutsetsereka mukunenako kumachitika lilime likasuntha mtunda wautali nthawi imodzi.

Wina wodzitcha Bowo Lachinayi:
Ndikuvomereza, komabe mluzu uli ndi msampha wake. Umazoloweretsa milomo yothina ndi yosongoka. Mukatero pa harmonica mawu amatuluka owonda, mpweya n'kumathawira m'mbali. Ilowe ndithu mkamwa, milomo ili yofewa. Kwa mluzu tengani lilime lokha.

Chinanso, mluzu wa anthu ambiri umayambira cha m'ma 500 Hz (muyezo wa kukwera kwa mawu), pomwe bowo la 1 pouzira lili pa 262 Hz. Ndiye pa 1, 2 ndi 3 danga la mluzu limachepa. Tsitsani chibwano, lilime likwere kumbuyo kwenikweni, pamene timatchulira "ku". Mpweya usadutse m'mphuno, apo ayi bend sigwira. Bowo la 5 musalikakamize: pakati pa E ndi F palibe liwu lina, mungotopetsa reed, kachitsulo kopyapyala kamkati kamene kamanjenjemera n'kutulutsa mawu.

Wa overblow:
Kumene mluzu umaonetsa phindu lake ndi kumtunda. Pa 8, 9 ndi 10 bend imachitika pouzira, lilime lili patsogolo ngati pa mluzu wokwera. Yambani ndi 8, E atsikire pa E flat. Kakhalidwe ka lilime komweko ndiko kamatsegula overblow (kuuzira mwa njira yotulutsa liwu lokwera kuposa la masiku onse) ya bowo la 6, yomwe imapereka B flat.

Harmonica ikamalira ngati mwanapiye poyesa overblow, kawirikawiri vuto si inu. Mpata wa pakati pa reed ndi chitsulo chake ndiwo wakula. Masulani chivundikiro, mukankhe reed youzira pang'ono kwambiri ndi kamtengo kotokosera m'mano kuti mpatawo uchepe, muyese, mubwerezenso. Mukapyola muyezo reed imatsamwa mukauzira mwamphamvu.