Mustang ya 1967 ija yatsika

Abale, ndabweranso. Paja ndinafunsa momwe ndingatsitsire galimoto yanga, Mustang ya 1967, kuti ikhale pafupi ndi msewu koma osaononga kayendedwe kake. Zikomo nonse munayankha, makamaka achimwene aja anandiletsa kutenthetsa masipulingi ndi gasi. Ananena zoona, moto umafoola chitsulo.

Kutsogolo ndinatsata malangizo a Shelby drop, njira yotsitsa pang'ono pomwe pamamangidwa upper control arm, mkono wam'mwamba wogwira tayala. Tinaboola mabowo atsopano pa shock tower (chitsulo cha m'mbali mwa injini pomwe mkonowo umamangidwa), upper control arm n'kutsika ndi inchi imodzi, kenako tinaika masipulingi aafupi ogula. Ubwino wake si maonekedwe okha ayi. Kale ikamakhota tayala lakunja linkapendekekera kunja, galimoto n'kumakana kona. Pano likugwira msewu lonse, chiwongolero chikumvera.

Kumbuyo n'kumene ndinasiyana ndi ambiri a inu. Mabuloko otsitsira galimoto oika pakati pa ekiselo ndi leaf spring (masipulingi a zitsulo zazitali zosanjikiza) ndi otchipa, koma masipulingi anga anali otopa kale, ndiye ndinangogula a mid-eye, amene mapangidwe ake amatsitsa galimoto pang'ono.

Amene mukufuna kuchita zomwezi, mabawuti a ma bush a labala (timalabala ta polumikizira zitsulo) muzimanga galimoto itaponda pansi, osati ili pa jeke, apo ayi labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Alignment (kuwongola kaimidwe ka matayala) ndi yosathawika, koma yambani mwayenda nayo pang'ono kuti masipulingi akhazikike. Onaninso mpata wotsala pa bump stop, kalabala koletsa zitsulo kugundana masipulingi akapanikizika.

Chotsala ndi ekizozi. Ikukhula pa mahampu ngakhale ndidutse mopingasa, moti pansi pa paipi payamba kale kuwala. Loweruka ndikupita nayo kwa owotcherera akaikwezeko.