Mulungu akundiyesa kapena akundilanga? Ndithandizeni abale

Wobisa dzina:
Admin ndibiseni dzina chonde, muno muli anthu akutchalitchi kwathu. Abale mwa Ambuye, ine ndathedwa nzeru. Ndine mayi wa ana atatu, kwaya ndayimba zaka 11, chakhumi ndimapereka ngakhale mwezi umene geni yavuta. Koma chiyambire 2023 zanga sizikuyenda. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi muja tinali ku Chilobwe. Madzi ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinagwetsa chipupa cha kuchipinda n'kukokolola mabelo awiri a kaunjika amene ndinali nditangopikula ndi ngongole ya banki mkhonde. Tinatuluka ndi zovala za m'thupi basi. Sindinadandaule, ndinati bola moyo, poti ena amene tinkapalana nawo moto sanapezeke mpaka lero. Chaka chomwecho mu Novembala kwacha inagwa, belo inakwera mtengo, ine pamsika sindinabwererenso.

Panopa bambo akunyumba akudwala, uno ndi mwezi wachisanu. Njinga yamoto ya kabaza imene tinkadyera ili kwa alamu anga. Anati aziyendetsa n'kumatipatsa kenakake madzulo, koma chitengereni abweretsa kawiri kokha, pamene akazi awo ayamba kusintha mawigi sabata iliyonse. Apongozi anabwera kudzazonda matenda, anakhala masabata atatu, shuga ndi sopo zonse kutha, potsanzika n'kundiuza kuti mwana wawo asanandikwatire sankadwala. Amayi akutchalitchi anabwera kamodzi, anayimba nyimbo ziwiri, anasiya K5,000 ndi kabichi. Chonsecho pa maliro ndi pa zinkhoswe zawo woyamba kufika pamoto ndimakhala ine.

Abusa athu akuti ndi mayesero ngati a Yobu, ndipirire. Mnzanga wina ananditengera kwa mneneri, iye akuti pali temberero la kumtundu kwathu. Ndiye ndimve ziti? Ngati ndi mayesero, phindu lake n'chiyani? Usiku ndikagwada mawu sakutuluka, ndimangoyang'ana malata.

Mtumiki wa Kuphiri:
Mayi, mneneriyo wakuuzani zoona. Mwana wa Mulungu sanalengedwe kuti azivutika! Eksodo 20:5 ikunena poyera kuti mphulupulu za makolo zimalondola ana mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi. Kafunseni kumudzi kuti agogo anu ankasunga chiyani kudenga. Madzi, geni, matenda, zitatu motsatizana, inu mukuti zangochitika? Apa pafunika kusala masiku 21 ngati Danieli ndi kugumula maguwa. Amene akukuuzani kuti pirirani akufuna mufere momwemo.

Kabaza wa pa Chinseu:
Guwa lofunika kugumula apa ndi alamuwo. Njinga imalowetsa ndalama tsiku lililonse, musanamizidwe.

Mkulu wa Mpingo Wopuma:
A Mtumiki, Baibulo lanu linathera pa Eksodo? Pitirizani mufike pa Ezekieli 18, pamene Mulungu akuletsa mwambi uja woti makolo anadya mphesa zosapsa ndipo mano a ana ndi amene anayayamira. Ndime 20 ikuti mwana sadzasenza mphulupulu za atate ake. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa funso lomweli za munthu wobadwa wosaona, kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yesu anati palibe. Pa Luka 13 anatchulanso anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nati sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Onsewo anali ndi maguwa? Ndi makanda omwe?

Mtumiki wa Kuphiri:
Madala, inu ndi a chilembo, ife ndi a Mzimu. Mipingo yanuyo ndi imene yazoloweretsa anthu umphawi, kumangoyimba za kumwamba uku ana akugona ndi njala. Yobu yemweyo anatsegula yekha khomo. Werengani 3:25, akuti chimene ndinkachiopa chandigwera. MANTHA ndi khomo la satana!

Namwino wa Usiku:
Mayi, pepani ndi zonsezi. Koma simunanene kuti bambowo akudwala chiyani. Kuchipatala munapita? Anati chiyani?

Wosunga Malamulo:
Funso langa ndi limodzi. Mumapemphera tsiku lanji? Eksodo 20 yomwe a Mtumiki atchulayo, tsikani pa ndime 8.

NaBanda wa ku Area 25:
Ayambapo. Achimwene, matope a ku Soche ankafunsa tsiku lopemphera asanalowe m'nyumba?

Mayi a Chikondi:
Achemwali, ine sindikuuzani kuti ndi chilango kapena mayesero chifukwa sindinali pamsonkhano wa kumwamba. Ndingokuuzani zanga. Mayi anga anafa ziwalo mbali imodzi, ndinawadwazika zaka zinayi. Cha m'ma 4 koloko m'mawa ndinkatenthetsa madzi pa mbaula, kuwatembenuza, kuwapukuta kumsana pamene panayamba zilonda, kenako kuchapa nsalu anthu asanadzuke kuti asaone. Masiku ena ndinkawakalipira, n'kukalira kubafa. Chimene chinandigwira mtima ndi Njira ya Mtanda. Pa malo 14 aja, Yesu akugwa katatu, ndipo pena mtanda akumusenzera Simoni wa ku Kirene, munthu wongodutsa amene anachita kumukakamiza. Ndinati kani ngakhale Ambuye anafuna wowathandiza. Kwathu ku Katolika timaphunzitsidwa kupereka masautso athu pamodzi ndi a Khristu, monga Paulo akunenera pa Akolose 1:24 kuti akukondwera m'zowawa zake chifukwa cha mpingo. Papa Yohane Paulo II, amene anabwera kuno mu 1989, anawomberedwa ndi mfuti mu 1981, ndipo mu 1984 analemba kalata yonse yofotokoza tanthauzo la kuvutika kwa munthu. Sankalankhula zongomva. Ine ululu sunachepe, koma m'mawa uliwonse ndinkati madzi awa ndikutenthetsera Inu, ndipo tsiku linkatheka.

Mtumiki wa Kuphiri:
Kupereka masautso? Yesu anati KWATHA! Ndi mikwingwirima yake tinachiritsidwa, Yesaya 53:5. Inu mukufuna kuwonjezera chiyani pa mtanda? Zaka zinayi zonsezo mukanapeza munthu wodzozedwa mayi anuwo akanayenda.

Mayi a Chikondi:
Bambo, mayi anga ali m'manda. Samalani pakamwa.

Mkulu wa Mpingo Wopuma:
A Mtumiki, apa mwalakwa, pepesani. Paulo sanali wodzozedwa? Anapempha katatu kuti munga wa m'thupi uchoke, yankho linali lakuti chisomo changa chikukwanira, 2 Akorinto 12. Trofimo anamusiya akudwala ku Mileto. Timoteo ankavutika m'mimba kawirikawiri, Paulo sanamutumize kuphiri. Ndipo za Yobu mwapotoza. Mulungu mwini ndi amene akuchitira umboni pa 1:8 kuti munthuyu ndi wangwiro. Amene anakakamira kuti pali tchimo lobisika ndi Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, ndipo pa 42:7 Mulungu anawakwiyira chifukwa sananene zoona za Iye. Anthu aja anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anangokhala pansi osanena kanthu.

Mtumiki wa Kuphiri:
Munga wa Paulo unali anthu omuzunza, osati matenda. Ine sindipepesa chifukwa cha choonadi. Ndaona ndi maso anga anthu akutaya ndodo.

Wa ku Joni:
Asisi limbani mtima. Ine 2016 ndinagulitsa mbuzi zonse ndi malata a nyumba kuti ndipite ku Johannesburg. Miyezi iwiri ndikugona m'kachisakasa ndi anthu asanu, ntchito osaipeza, kenako anandigwira opanda mapepala n'kundibweza. Ndinafika kumudzi ndi jumbo. Akazi anga anali atapita kwawo. Ndinkafuna kudzimangirira, sindikubisa. Koma kubwezedwa kuja ndi kumene kunandichititsa kuti ndiphunzire kuwotcherera, lero ndili ndi anyamata atatu pa shedi. Yosefe anauza abale ake kuti inu munandipangira choipa koma Mulungu anachisandutsa chabwino. Mudzamvetsa patsogolo.

Mayi Wamasiye:
Achimwene a ku Joni ndakondwa kuti zanu zinatha bwino, koma si onse timamvetsa patsogolo. Ine ndinaika mwana wazaka 9 ndi bambo ake chaka chimodzi. Anthu ankanditonthoza kuti Yobu anabwezeredwa kawiri. Nkhosa inde, zinali 7,000 zinakhala 14,000. Koma ana khumi oyamba aja anabwerera? Anabereka ena, ndipo mayi aliyense akudziwa kuti mwana salowa m'malo mwa mnzake. Ndipo Yobu sanauzidwe n'komwe chifukwa chake, Mulungu anangomufunsa kuti unali kuti pamene ndinkaika maziko a dziko. Mayi wolembayu, mwati mawu sakutuluka. Tsegulani Salimo 88. Munthu akudandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, likuthera mumdima, palibe aleluya. Komabe lili m'Baibulo. Ine ndinalipemphera chaka chathunthu chifukwa ena aja ankandinyansa.

NaBanda wa ku Area 25:
Mayi Wamasiye mwandiliza. Koma inunso wolemba, tisabisane, kudandaula kabichi si bwino. Amayi amene anasonkha K5,000 aja mwina kwawonso sanadye. Chakhumi si banki mkhonde yoti mudzagawana mu Disembala.

Wobisa dzina:
Zikomo nonse. A NaBanda sindikunyoza kabichi, koma mayi wina yemweyo mwana wake akukwatiwa ndinagona kukhitchini masiku awiri. A Wosunga Malamulo timapemphera Lamulungu. A Kabaza, alamuwo akuti njinga imangowonongeka, ndalama zikuthera kwa makaniko. A Mtumiki, agogo anga anali a Chisilamu mbali ya bambo, kaya zikukhudzana? Mneneri uja anati ndibweretse mbewu ya K50,000 kuti ayambe mapemphero, ndiye ndimaganiza zokatenga katapila.

Kabaza wa pa Chinseu:
Katapila ayi mayi, mulira kawiri. Njinga yowonongeka imagula mawigi? Itanani ankhoswe a mbali zonse, njingayo ibwere pakhomo, mupeze mnyamata wina wapangano lolemba. Mapepala a njinga ali m'dzina la ndani?

Mlembi wa Banki Mkhonde:
Pitani kugulu lanu mukafotokoze za matendawo pamaso pa onse. Magulu ambiri amakhala ndi thumba la zadzidzidzi, ndipo amalola kubweza pang'onopang'ono munthu akabwera yekha. Choipa n'kuthawa misonkhano.

Mtumiki wa Kuphiri:
Mwaona! Ndinanena ine kuti kumtundu kuli nkhani. Koma K50,000 yachuluka, ameneyo ndi wamalonda. Ndipezeni ku inbox mayi, ife timathandiza ndi chimene munthu wakwanitsa. Aroma 5 imene anthu amakonda kutchula kuti chisautso chimabala chipiriro inalembedwera ozunzidwa chifukwa cha uthenga, osati odwala ndi osauka.

Hassan wa ku Mangochi:
Ndimangowerenga mwakachetechete muno, koma apa mwatilowa. Agogo kukhala Msilamu ndi temberero? Ifenso Ayubu timamudziwa, ndi mneneri wa kupirira. Lankhulani zanu osatipaka matope.

Mkulu wa Mpingo Wopuma:
Pepani achimwene, si tonse tikuganiza choncho. Mayi, Yakobo 5:14 akuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere. Mtengo sanatchulepo.

Namwino wa Usiku:
Mayi, ndikufunsanso. Miyezi isanu ndi yambiri. Akutsokomola? Akuonda? Akutuluka thukuta usiku? Chifuwa chikapitirira masabata awiri timayeza makhololo, ndipo mankhwala a TB ndi aulere m'zipatala za boma, amamwa miyezi 6 munthu n'kuchira. Magazi anayezetsa? Shuga? Ngati anapatsidwa mankhwala ena alionse, asasiye chifukwa choti wina wawapempherera, ndipo wodwala asasale kudya. Luka amene analemba uthenga wabwino anali sing'anga, Akolose 4:14.

Wosunga Malamulo:
Lamulungu. Ndinadziwa.

Admin:
A Mtumiki, kuitanira anthu ku inbox n'koletsedwa muno, ili ndi chenjezo lachiwiri. Nkhani za Sabata zili ndi tsiku lake.

Mtumiki wa Kuphiri:
Yeremiya anamuponya m'chitsime chifukwa chonena zoona. Ndichotseni ngati mukufuna, koma mayiwa adzandifuna.

Wobisa dzina:
Admin chonde fufutani positi yonseyi. Akazi a alamu aja ali muno, azindikira pa nkhani ya mawigi, andiimbira kale kawiri ndipo akuti akauza apongozi.

Namwino wa Usiku:
Asanafufute, mayi, kuchipatala anati chiyani?